Kalata yotseguka kwa akuluakulu a mpingo wathu m'chigawo cha Zomba: musawasiye okha atumiki amene akuzunzika

Kwa olemekezeka abusa aakulu, alembi, asungichuma ndi nonse a komiti yaikulu,

Landirani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Timakupemphererani Lamulungu lililonse, ndipo tikudziwa kuti katundu amene munasenza si wopepuka. Ine ndine mkulu wa mpingo pa imodzi mwa nthambi zathu za kumunsi kuno, cha ku nyanja ya Chilwa. Mawu ali m'kalatayi si anga ndekha. Tinakhala pansi ndi akulu ampingo anzanga, amayi ndi achinyamata a m'nthambi zoyandikana nafe, ndipo anandipempha kuti ndigwire cholembera. Tailemba poyera chifukwa kalata yanu yaposachedwapa inawerengedwanso poyera, paguwa, ana ndi alendo akumva. Sititchula dzina la munthu aliyense, ndipo sitinabwere kudzanyoza. Ndinu makolo athu mu uzimu, nchifukwa chake tikulira kwa inu.

Kalata yanu ija inanena zinthu zitatu. Inati kangachepe kamene alaliki akumudzi amalandira pakutha pa mwezi kayamba kaimitsidwa mpaka ngongole yomangira maofesi ithe. Inatinso mtumiki aliyense amene wakumana ndi zovuta asapite kupolisi kapena kwa anthu ena akunja asanalandire chilolezo kulikulu, poteteza mbiri ya mpingo. Kenako inatseka ndi mawu a pa Afilipi 4:4, akuti tikondwere mwa Ambuye nthawi zonse.

Vesi limenelo timalikhulupirira ndi mtima wonse. Alaliki athu sakusowa wowaphunzitsa kukondwera, ena mwa iwo ndiwo atiphunzitsa ife. Chimene chatipweteka n'chakuti vesilo laikidwa pansi pa ziganizo ziwiri zimene zikumusiya mtumiki wozunzika alibe chakudya ndiponso alibe kothawira. Tikupempha mutimvere pamene tikufotokoza zimene taona ndi maso athu.

Choyamba ndi nkhani ya bambo mlaliki wa nthambi ina cha ku Jali. Mwana wina m'mudzimo anamwalira atadwala masiku ochepa, ndipo maliro asanaikidwe n'komwe anthu anali atayamba kale kuloza gogo wina wamasiye kuti ndiye wamulodza. Usiku umenewo gogoyo anathawira kunyumba kwa mlaliki. Sanali wa mpingo wathu. Mlalikiyo anamulowetsa, mayi a kunyumba anamuyalira mphasa kuchipinda kwa ana, ndipo gulu litafika ndi zibonga ndi miyala, bamboyo anaima pakhomo n'kunena kuti munthu amene walowa m'nyumba mwake ali m'manja mwa Mulungu. Anamumenya mpaka kumuthyola mkono. Njinga yake anaipondaponda mpaka malimu kupindika. Mawa lake usiku denga laudzu la nyumba yopemphereramo linayaka, ndipo mabuku a nyimbo amene tinasonkherana kugula anapsa pamodzi ndi mabenchi.

Lamulungu lotsatira ine ndinalipo. Tinapemphera pansi pa mtengo wa mango, phulusa likununkhabe. Mlalikiyo anabwera mkono atakoleka m'chitenje cha mkazi wake chomangidwa m'khosi, diso limodzi lili lotupa. Iye mwini ndiye anayambitsa nyimbo, pamtima, akuomba ntchafu ndi dzanja lotsalalo popeza kuomba m'manja sakanatha. Popemphera anatchula banja la mwana womwalirayo, n'kupempha Mulungu kuti awatonthoze, chonsecho ena a m'banja lomwelo ndiwo anamumenya. Amayi ena amene anaimirira chapatali kudzaonerera anakhala pansi n'kuyamba kuyimba nafe.

Tinaimba foni kulikulu tsiku lomwe anamenyedwalo. Tinayankhidwa kuti tipemphere ndipo nkhaniyi ikambidwa pa msonkhano wotsatira. Mpaka lero palibe amene wafika kudzamuona. Ndalama ya kabaza yopitira kuchipatala, ya mankhwala ndi ya ufa tinasonkha tokha, amayi ogulitsa matemba ndi anyamata opalasa mabwato. Kupolisi tinapita tokha, ndipo anatithandiza: gogoyo anamusamutsira kwa abale ake kutali, ena mwa omenya aja anamangidwa. Koma malinga ndi kalata yanu, chimene tinachitacho tsopano ndi kusamvera. Akuluakulu athu, lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'dziko muno, limanena kuti kuloza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. Malamulo amenewa anaikidwa kuti ateteze anthu onga gogo uja ndi mlaliki wathuyu. Gulu likafika pakhomo pakati pa usiku, munthu sangadikire kuti komiti ikumane.

Chachiwiri ndi cholemera kuchinena, chifukwa bala lake linachokera m'nyumba mwathu momwe. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, anthu ambiri kuno anataya nyumba ndi mbewu. Chimanga cha chithandizo chitafika kudzera kumipingo, abusa athu a nthawi imeneyo anapatsidwa mndandanda wa mayina kuti asayine. Atauwerenga anapeza kuti muli mayina a anthu a nyumba za malata zimene sizinagwe, abale a anthu ena amphamvu m'dera ndi mumpingo, pamene amayi amasiye amene ankagona m'makalasi a sukulu mulibe. Anakana kusayina mpaka mndandandawo utakonzedwa. Kuyambira pamenepo anayamba kunenedwa kuti alowa ndale, kuti amanyoza mafumu, kuti akugawanitsa mpingo. Anthu ena anasiya kupereka chopereka dala kuti abusawo aoneke olephera. Makalata opanda dzina anafika kwa inu.

Inu simunabwere kudzafufuza. Munawasamutsa pakati pa teremu, ana awo akukonzekera mayeso, ndipo ife tinangomva kuti "zachitika pofuna mtendere". Pa ulaliki wawo wotsanzika sananene mawu amodzi odandaula. Anatilimbikitsa kuti tikonde abusa amene akubwera, ndipo anakapempherera mmodzi wa anthu amene ankawaneneza, yemwe panthawiyo ankadwala. Koma achinyamata athu anaona zonse, ndipo phunziro limene anatolapo ndi loopsa: kuti mumpingo muno ukanena zoona umachotsedwa, ukatseka pakamwa umakhala. Mnyamata wina amene ankafuna kukaphunzira zaubusa anatiuza kuti wasintha maganizo. Mawu akewo amatisowetsa tulo kuposa denga lija linapsa, chifukwa denga tafolera kale lina.

Chachitatu ndi cha mtsikana amene anabatizidwa chaka chatha. Amalume ake, monga mwinimbumba, anamuuza kuti asankhe pakati pa mpingo ndi pakhomo, ndipo anamutulutsira zovala panja. Tisamvane molakwika pano. Kuno ku Zomba timakhala bwino ndi anansi athu a zipembedzo zina, timakumba manda limodzi, timatunga madzi pa mjigo umodzi, ndipo ambiri mwa iwo anadandaula nazo zimene zinachitikazi. Nkhaniyi ndi ya banja limodzi, ndipo imafuna akuluakulu aulemu amene angapite kukakhala pa mphasa ndi amalumewo n'kukambirana modekha. Mlaliki wamng'ono sangathe yekha, sangamumvere. Tinapempha kuti mutitumizire m'busa wachikulire. Sanabwere. Mtsikanayo akusungidwa ndi mayi wina wamasiye wa ana anayi, ndipo sukulu anasiya.

Chachinayi ndi kangachepe kaja. Ndi kochepa ndithu, koma ndi kamene mlaliki amagulira tayala, chubu ndi sopo. Kuyambira pamene ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu sinabwererenso pansi. Amene amatumikira pa chilumba cha Chisi amalipira bwato pa doko la Kachulu, ndipo nyanja ikaphwa monga inachitira mu 2018, asodzi amabalalika, chopereka chimatsika, koma maliro ndi odwala sizichepa. Nthambi zomwezi zimatumizabe gawo la chopereka ndi la masika kulikulu mosaphonya. Maofesi ndi ofunika, sitikukana. Koma ngongole yake isabwezedwe ndi m'mimba mwa ana a alaliki.

Tsopano tibwerere ku kalata ya Afilipi imene munatiwerengera, chifukwa takhala tikuiwerenga mobwerezabwereza chilandirireni kalata yanu. Paulo anailemba ali m'ndende, zoona, ndipo chimwemwe chake sichinali chachiphamaso. Koma m'kalata yomweyo akuthokoza mpingo wa ku Filipi chifukwa unatuma Epafrodito kuti akamuone ndi kum'patsira zosowa zake. Epafroditoyo anadwala mpaka pafupi kufa pa ntchito imeneyo. M'mutu 4 womwewo, mavesi ochepa chabe kuchokera pa vesi lanu lija, Paulo akuwauza kuti anachita bwino kugawana naye chisautso chake. Ndiye kuti anthu amene anauzidwa kuti akondwere ndi omwewo amene anali atasonkha kale, n'kutuma munthu kuyenda ulendo wautali kukafika pa chitseko cha ndende. Chimwemwe cha Paulo chinachokera kwa Khristu, koma Khristu anachidyetsa kudzera m'manja mwa abale.

Ku Filipi komweko, pa Machitidwe 16, Paulo ndi Sila anakwapulidwa n'kuikidwa m'matangadza, ndipo pakati pa usiku ankapemphera ndi kuyimba, akaidi anzawo akumvetsera. Mbali imeneyo timailalikira kawirikawiri. Imene timaidumpha ndi ya kutacha. Oweruza atatumiza uthenga woti amasulidwe mwakachetechete, Paulo anakana. Anati anawakwapula pagulu popanda kuwazenga mlandu, chonsecho ndi nzika za Roma, choncho oweruzawo abwere okha adzawatulutse. Ndipo anabweradi, n'kupepesa. Munthu yemweyo amene anayimba usiku ndiye anaima pa lamulo m'mawa, ndipo Malemba sakumudzudzula. Potero anatchinjirizanso Lidiya ndi akhristu ena amene ankatsala mumzindawo, kuti olamulira aganize kawiri asanawagwire. Mlaliki wathu wa ku Jali atapita kupolisi sanataye chikhulupiriro, anachita zimene Paulo anachita.

Werenganinso kalata yachiwiri kwa Timoteo. Paulo wokalamba akutchula Onesiforo, amene atafika ku Roma anamufunafuna mwakhama mpaka kumupeza, osachita manyazi ndi unyolo wake. Akupempha kuti amubweretsere chofunda chimene anasiya ku Trowa, ndi mabuku, ndipo kuti Timoteo afike nyengo yozizira isanayambe. Akunenanso mawu owawa, kuti pa mlandu wake woyamba panalibe amene anaima naye, onse anamusiya. Anawakhululukira, napempha kuti asawerengeredwe mlandu, ndipo anachitira umboni kuti Ambuye anaima naye. Koma analemba ndithu, kuti mpingo udziwe kuti kusiya mtumiki yekha pa tsiku la mlandu ndi chinthu chosayenera. Akuluakulu akale anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu.

Sitikunena kuti aliyense wolira kuti akuzunzidwa ndi wosalakwa. Petro anachenjeza kuti wina asamve zowawa chifukwa cha kuba kapena kulowerera za eni. Alipo atumiki amene amadya ndalama za mpingo kapena kusokoneza mabanja a anthu, akagwidwa n'kumati ndi mayesero a Satana. Amenewo alangidwe, ndipo ife tidzakhala oyamba kuchitira umboni. Koma kuti musiyanitse wakuba ndi wozunzikira chilungamo muyenera kufika pamalopo, kumva mbali zonse, kuona bala. Pa nkhani zonse tafotokozazi, chigamulo chinaperekedwa popanda amene anaponda m'mudzi.

Ambiri mwa inu munalipo mu 1992. Pa 8 Marichi chaka chimenecho kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, ikudzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, umphawi ndi kutsekedwa pakamwa kwa Amalawi. Mmodzi mwa osayina anali Ambuye Allan Chamgwera a dayosizi ya Zomba. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa kupolisi ku Blantyre n'kufunsidwa kwa maola ambiri, nyumba yosindikizira mabuku ya Montfort ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Panthawiyo ndende ya Mikuyu, pafupi pomwepa, inali dzina longonong'onezana. Koma maepiskopiwo sanasiyidwe okha. Ophunzira a ku Chancellor College anayenda mumsewu kuno ku Zomba posonyeza kuti ali nawo limodzi. Mipingo ina, Asilamu, amalonda ndi maloya anagwirana manja, bungwe la Public Affairs Committee linabadwa chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anaponya voti ya riferendamu. Ufulu umene tikulalikira nawo lero unagulidwa ndi atumiki amene anakana kusayina bodza, ndi anthu amene anakana kuwasiya okha.

Mbiri yathu ili ndi tsamba linanso. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ndi kuchotsedwa ntchito chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Timasiyana nawo pa ziphunzitso zambiri, koma anali anansi athu, ndipo mawu owaikira kumbuyo ochokera m'mipingo anali ochepa kwambiri. Nthawi imeneyo anthu ankaopa kufa. Ife lero tilibe chowiringula chotero. Palibe amene angamange m'busa wamkulu chifukwa chopita kukaona mlaliki wothyoka mkono.

Choncho, mwaulemu wonse, tikupempha izi:

1. Chotsani lamulo loletsa mtumiki kupita kupolisi asanalandire chilolezo. Moyo wa munthu ukakhala pachiswe, athamangire kupolisi ndi kuchipatala kaye, likulu alidziwitse pambuyo. Kusinthaku kulembedwe ndi kuwerengedwa m'nthambi zonse monga inawerengedwera kalata yoyamba, chifukwa alipo alaliki amene pakali pano akuopa kulangidwa.

2. Bwezerani kangachepe ka alaliki, pamodzi ndi ka miyezi imene sanalandire. Ngati ndalama zavutadi, tiuzeni poyera kuti ngongoleyo ndi yochuluka bwanji ndipo yabwezedwa zingati, kuti tonse tione pamene tingachepetse. Ife tili okonzeka kuchita nawo masika apadera a maofesiwo, malinga alaliki asakhale oyamba kumanidwa.

3. Mtumiki akamenyedwa, akaopsezedwa kapena nyumba yopemphereramo ikawonongedwa, mmodzi wa inu afike pamalopo sabata isanathe. Ngakhale abwere chimanjamanja, kufika kwakeko kumauza mudzi wonse kuti munthuyu ali ndi abale.

4. Unikaninso nkhani ya abusa amene anasamutsidwa aja. Itanani amayi amasiye amene mayina awo anasowa pa mndandanda, muwamve. Mukapeza kuti abusawo analibe cholakwa, nenani zimenezo pamaso pa mpingo umene unamva akunenezedwa. Sitikukakamira kuti abwerere kuno, kumene aliko akutumikira bwino. Tikufuna dzina lawo liyere, ndipo achinyamata athu aone kuti mpingo umaima ndi wonena zoona. Kuyambira tsopano, kalata yopanda dzina isakhale chifukwa chosamutsira munthu.

5. Patulani kathumba, kochokera pa chopereka chimene timatumiza kale, kothandizira atumiki ovulazidwa ndi akhristu othamangitsidwa pakhomo chifukwa cha chikhulupiriro. Kayang'aniridwe ndi anthu osankhidwa ndi nthambi, amayi akhalemo, ndipo malipoti ake aziwerengedwa chaka ndi chaka.

6. Tumizani m'busa wachikulire kuti akakambirane ndi amalume a mtsikana uja mvula isanayambe, kuti abwerere kusukulu. Tikupemphanso kuti muyitanitse zokambirana ndi mafumu, apolisi ndi atsogoleri a zipembedzo zina m'dera lathu pa nkhani yoloza okalamba ufiti, chifukwa gogo amene tinapulumutsa uja si womaliza.

Ife sitichoka mumpingo, ndipo chopereka tipitiriza kutumiza. Alaliki athunso sanasiye ntchito. Wa ku Jali uja, mkono utangochira pang'ono, anabwereka njinga n'kukayendetsa mwambo wa maliro m'banja lomwe linamumenya, chifukwa panalibe wina woti apite. Tikamufunsa amati Ambuye anazunzika koposa, ndipo amaseka ndi mtima wonse. Sanatitume kuti tilembe kalatayi, mwina akanatiletsa akanadziwa. Koma ife amene timamuona mkazi wake akupita kukachita ganyu m'minda ya mpunga kuti ana adye, sitingakhale chete.

Abale ndi alongo a m'mipingo ina amene muwerenge kalatayi, tikudziwa kuti nkhani zotere si zathu zokha. Ionetseni kwa akuluakulu anu, ndipo funsani za mlaliki kapena katekisiti wa nthambi yanu yakutali kwambiri, kuti anamuona liti komaliza ndipo akudya chiyani.

Akuluakulu athu, mlandu wa anthu amene anamenya mlaliki uja ukulowa m'khoti mwezi wamawa, ndipo iye waitanidwa kukachitira umboni. Abale a omangidwawo ndi ambiri ndipo adzadzaza bwalo. Tsiku lake talembera kale alembi anu. Ife a m'nthambi tidzapita naye, koma tikupempha kuti mmodzi wa inu, atavala kolala yake, adzakhale naye pa benchi tsiku limenelo.

Ine wanu mu utumiki wa Ambuye,

Mkulu wa mpingo, m'malo mwa akhristu a m'nthambi za kumunsi kwa Zomba